Pampata wa Tumakohua: zolemba za ulendo wokaona shaki ku Fakarava

Lamulungu

Fakarava, chilumba cha m'gulu la Tuamotu ku French Polynesia, ukamaiona uli m'ndege, sungaganize kuti pamakhala anthu. Ndi kamzere kopyapyala ka mchenga ndi mitengo ya kokonati, kozungulira nyanja ina ya mkati yotalika makilomita pafupifupi 60. Kunja kwa kamzereko kuli Pacific, yakuda bii chifukwa cha kuya. Mkati madzi ndi obiriwira mowala. Kuchokera ku Papeete, pachilumba cha Tahiti, ndege imayenda ola limodzi ndi kamphindi n'kutera kumpoto, kufupi ndi mudzi wa Rotoava. Kumeneko sitinachedweko. Boti linatinyamula ndi katundu wathu n'kulunjika kumwera, kudutsa nyanja ya mkatiyo mlitali, mpaka tinafika ku Tetamanu misana itawawa ndi kugunda kwa mafunde.

Madzi a mkati ndi a kunja amakumana pa mipata iwiri. Wakumpoto, Garuae, ndi wa makilomita 1.6 mlifupi, ndipo palibe mpata wina woposa umenewu mu French Polynesia monse. Wakumwera kuno, Tumakohua, ndi wa mamita pafupifupi 200 basi. Nyanja ikamakwera, Pacific imathira madzi mkati kudzera pamenepa. Ikamaphwa, madziwo amabwereranso kunja. Pakhoma la nyumba yosungiramo masilinda a mpweya wopumira pansi pa madzi apachikapo bolodi lolembedwa nthawi za kulowa ndi kutuluka kwa madzi, ndipo tauzidwa kuti sabata ino wotilamula ndi bolodi limenelo, osati wotchi. Likanena kuti mbandakucha, ndi mbandakucha.

Tetamanu kale linali likulu la zilumba za Tuamotu. Lero kwatsala tchalitchi chaching'ono chomangidwa mu 1874 ndi miyala ya korali (miyala yopangidwa ndi tizamoyo ta m'nyanja), manda akale, ndi mabanja owerengeka.

Shaki zoyamba ndaziona ndisanavule n'komwe nsapato. Pansi pa mlatho wa matabwa pomwe boti limakocheza, m'madzi ofika m'mawondo, munali shaki zazing'ono zofiirira, zokhala ndi banga lakuda pansonga ya chipsepse cha pamsana, ndipo kunsi kwa bangalo kuli kamzere koyererako. Zimayenda m'malo osaya kwambiri moti chipsepse chimatulukira kunja n'kumang'amba madzi. Ndinakhala pamatabwapo miyendo ili lende. Chimene ndinaona n'chakuti iliyonse ili ndi njira yake: imadutsa pa nsanamira, kukhota pa mwala winawake, kubwerera, kudutsanso pa nsanamira yomweyo. Mwana wina anaponya kachigoba m'madzi. Zitatu zinatembenuka nthawi imodzi kulunjika pomwe panamveka phokoso, zitafika n'kupeza palibe kanthu zinabwerera m'njira zawo. Nditasuntha ine mwendo, yomwe inali pafupi inalumphira kumbali n'kuthawa. Ndi zamantha kuposa mmene nkhope zawo zimaonekera.

Lolemba

Wotitsogolera ndi mayi wamfupi wa mawu otsika, wobadwira pazilumba zomwezi. Tisanakwere boti anatisonkhanitsa n'kujambula mpata wonse pabolodi. Ambiri osambira pansi pa madzi amadziwa chizindikiro cha shaki: kuimika dzanja pamphumi. Mayiwo anaimika dzanja lawo n'kuseka. "Ichi kuno sitigwiritsa ntchito, mungatope nacho. Ndikachipanga ine, dziwani kuti yabwera ina yachilendo, muyang'ane komwe ndikuloza."

Malangizo awo anali ochepa. Tikagwera m'madzi, titsike nthawi yomweyo osachedwa pamwamba, chifukwa madzi a pamwamba angatimwaze. Tikhale mmunsi mwa shaki, kufupi ndi khoma la mpata. Manja akhale pachifuwa. "Musazitsatire. Mukazitsatira mudzaona michira yokhayokha."

Tikupuma mpweya wa nitrox, wokhala ndi okosijeni 32 peresenti m'malo mwa 21 ya mpweya wamba. Umapatsa munthu mphindi zochulukirapo pansi nayitrojeni isanachuluke m'thupi, koma uli ndi malire ake a kuya, ndiye kakompyuta kapamkono umakayang'ana pafupipafupi.

Boti linatisiya kunja kwa mpata, mbali ya Pacific. Tinatsika motsetsereka, madzi akutikankhira mkati pang'onopang'ono, mpaka tinafika pa kashelufu ka mwala pa mamita 28. Mayi aja analoza pansi kuti tigwade pamwala wopanda korali. Nditakweza maso, poyamba ndinangoona ubuluu wokhawokha. Kenaka ubuluuwo unayamba kukhala ndi mizere. Mizereyo inali shaki.

Sindinayese kuziwerenga. Zinali zitandandalika kuyambira pafupi ndi mchenga wa pansi mpaka m'mwamba momwe kuwala kumathobwa m'maso, zina pamwamba pa zinzake, zonse mitu italoza kumene madzi akuchokera. Izi ndi shaki zotuwa za m'matanthwe, zomwe asayansi amazitcha Carcharhinus amblyrhynchos. Msana wotuwa, mimba yoyera, ndipo m'mphepete mwa mchira muli mzere wakuda waukulu womwe umakuthandiza kuzisiyanitsa ndi mitundu ina ngakhale zili patali. Zambiri sizifika mamita awiri. Ofufuza otsogoleredwa ndi Johann Mourier analemba mu 2016 kuti pampata pano zimafika 700 pa nyengo yomwe zimachuluka kwambiri.

Chimene chinandigwira mtima si kuchuluka kwake. Ndi ulesi wake. Munthu ukamva za shaki mazanamazana pamalo amodzi umayembekezera chipwirikiti, kuthamangitsana, mano. Apa ayi. Mchira umagwedezeka kamodzi, kenaka duu, thupi lili chiimire pamalo amodzi madzi akudutsa. Timagulu ta nsomba zing'onozing'ono timadutsa pamphuno pawo penipeni, shaki osatembenuka n'komwe. Nafenso sizinatisamale. Imodzi yokha inapatuka pagulu n'kubwera cha kwa ife, kudutsa pa mtunda woti ndikanatambasula mkono ndikanaikhudza. Diso lake laling'ono, lotuwira, lokhala ndi kamzere kakuda koimirira pakati, linatembenuka kundiyang'ana pamene thupi linali kupitirira. Pansi pa mphuno pake ndinaona timadontho takuda tambirimbiri. Ndi timabowo todzaza ndi timadzi tolimbirako, tomwe shaki imamvera mphamvu yamagetsi yochepetsetsa yotuluka m'thupi la chamoyo chilichonse minofu ikamagwira ntchito. Stefano Lorenzini, wa ku Italy, anatifotokoza mu 1678, koma panapita zaka pafupifupi 300 anthu asanazindikire kuti timamva magetsi. Nditatulutsa mpweya, thovu linaphulika m'mwamba ndi phokoso, shaki ija inakhotera kumbali n'kubwerera kwa zinzake.

Mpweya utafika pa mlingo womwe tinagwirizana, tinasiya mwala uja n'kulola madzi atitenge. Amakunyamula pamwamba pa minda ya korali, kuya kukucheperachepera, ndipo mphindi zitatu zoima pa mamita asanu, zoti nayitrojeni ichepe m'thupi usanatuluke, umazichita ukuyandama chomwecho. Umatulukira pafupi ndi mlatho wa matabwa uja, osafunanso boti.

Lachiwiri

Lero ndinasankha shaki imodzi n'kumangoyang'ana yomweyo. Njira imeneyi ndikuilimbikitsa kwa aliyense wobwera kuno, chifukwa ukamayang'ana gulu lonse maso amangoyendayenda ndipo sutolapo kanthu. Yanga inali yaikazi, yong'ambika pang'ono kumapeto kwa chipsepse cha pamsana.

Inali kutsogolo kwa gulu, mutu kumadzi. Pang'onopang'ono inayamba kubwerera m'mbuyo, osatembenuka, madzi akuikankha, kwinaku ikukwera m'mwamba pang'ono. Itafika kumapeto kwa gulu inapendeka, kutsika, n'kusambira mwamphamvu pang'ono mmunsi mwa zinzake mpaka kukafikanso kutsogolo. Malo omwe inasiya anali atatengedwa kale ndi ina. Kenaka zomwezo zinayambiranso. Nditachotsa maso pa iyo ndinazindikira kuti gulu lonse likuzungulira motero, iliyonse pa nthawi yake, popanda kugundana kapena kulimbirana.

Chifukwa chake chili m'thupi la shaki. Nsomba zambiri zili ndi kathumba ka mpweya m'mimba komwe kamaziyandamitsa. Shaki ilibe. Ili ndi chiwindi chachikulu chamafuta chomwe chimaipepukitsa, komabe imalemera kuposa madzi, ndiye ikasiya kusambira imatsika. Komanso shaki yotuwa imapuma makamaka posambira kukamwa kuli kotsekula pang'ono, kuti madzi alowe n'kutulukira pa ming'alu isanu ya m'mbali mwa mutu. Kuyenda kosalekeza kumeneku kumadya mphamvu. Tsono pampata pano, madzi olowa akagunda chitunda cha pansi amakwera m'mwamba. Shaki ikaima pamalo oterowo, zipsepse za m'mbali zitatambasuka, madzi okwerawo amainyamula, ndipo madzi omwewo amalowa m'kamwa okha. Ndi mmene kabawi amaimira mlengalenga osakupiza mapiko, mphepo ikumugwirira ntchito.

Gulu la Yannis Papastamatiou, wa ku Florida International University, linafufuza zimenezi pampata womwe uno n'kufalitsa zotsatira mu 2021. Anamangirira tizipangizo pa shaki, anajambula maonekedwe a pansi pa mpata, n'kupeza kuti shaki zimasonkhana ndendende pomwe madzi amakwera, ndipo kuima pamenepo kumachepetsa mphamvu zomwe zimawononga ndi 10 mpaka 15 peresenti. Kwa nyama yomwe sigona pabedi, phindu limenelo si laling'ono.

Ndiye zomwe alendo amazitcha khoma la shaki, n'kumazijambula ndi nkhope zoopsa, ndi chipinda chogona. Zikupuma. Masana ndi nthawi yawo yosunga mphamvu, ndipo malo omwe zaima sanasankhidwe ndi njala kapena ukali, anasankhidwa ndi maonekedwe a mwala wa pansi. Nditamvetsa zimenezi ndinayamba kuyang'ana madzi ndisanayang'ane shaki: komwe tinyenyeswa toyandama tikulowera, pomwe thovu langa likupindikira, pomwe mchenga ukunyamuka. Ukadziwa pomwe madzi akukwera, wadziwa pomwe shaki zili, ngakhale usanazione.

Madzulo ndinafunsa mayi aja ngati amazizindikira shakizi payokhapayokha. Anati zina inde, makamaka zazipsera, ndipo amazipeza mbali imodzimodzi ya mpata chaka ndi chaka. Zikugwirizana ndi zomwe Papastamatiou yemweyo anapeza ku Palmyra, chilumba china cha Pacific, kuti shaki zotuwa zimakhala m'magulu okhazikika, zomwezomwezo zikumakumana masana kwa zaka zinayi zotsatizana.

Lachitatu

Mphepo yakum'mwera yavuta usiku wonse, ndipo nthawi ya bolodi sinagwirizane ndi zomwe nyanja inachita. Mafunde akamasefukira pamwamba pa matanthwe ozungulira chilumba, nyanja ya mkati imadzaza, ndipo madzi amangotuluka pampata ngakhale pa nthawi yomwe amayenera kulowa. Mayi aja anaima pamlatho kuyang'ana madzi kwa kanthawi, n'kunena kuti kunja sitipita. Madzi otuluka amakokera munthu ku Pacific, komanso amakhala a fumbi.

Tinatsikira mbali ya mkati, posaya, m'mphepete mwa khoma. Shaki zotuwa zochepa zomwe tinaziona patali zinali zobalalika, iliyonse ikupalasa ndi mchira mosalekeza. Dongosolo la dzulo lija panalibe. Madzi otuluka amavunduka, sanyamula bwino.

Phindu la lero linali pansi pa mwala wina wotambalala pa mamita 14. Munagona shaki zitatu za nsonga zoyera, Triaenodon obesus, zitatsamirana, ina mutu uli pamsana pa inzake. Mtundu umenewu ndi wowonda, wamutu waphwatalala, ndipo nsonga ya chipsepse cha pamsana ndi ya mchira ndi zoyera mbee. Izi zimatha kugona pansi osasuntha chifukwa zimadzipopera zokha madzi: kukamwa kumatsekuka, kutsekeka, ming'alu ya m'mbali n'kumatukuka motsatira. Ndinagona chafufumimba pamchenga n'kumayang'ana kapumidwe kameneko mpaka kapumidwe kanga kanayamba kutsatira kawo. M'nthiti mwa iliyonse muli timawanga takuda tomwe sitifanana ndi ta inzake. Yapakati inatsekula diso, kundiyang'ana, n'kutsala momwemo.

Kwa nthawi yaitali mabuku ankati shaki yotuwa singachite zimenezi, ikaima ifa. Mu 2023 ofufuza a ku Seychelles anafalitsa zithunzi za shaki zotuwa zitagona pansi pa miyala zikupuma bwinobwino. Pampata pano, pomwe madzi amazipumira, sindinaoneko yogona.

Lachinayi

Madzi abwerera mwakale, oyera moti shaki za kutsidya la mpata zimaoneka. Mayi aja anatitengera pa chulu china cha korali chomwe chili pambali pang'ono pa gulu lalikulu, n'kutipatsa chizindikiro choti tidikire.

Sipanapite nthawi, shaki yotuwa inapatuka pagulu n'kubwera pamwamba pa chulucho. Inachepetsa liwiro, kukweza mutu, kutsitsa mchira mpaka thupi linatsala pang'ono kuimirira, n'kuyasamula. Kuchokera m'korali munatuluka tinsomba tiwiri totalika ngati chala, tabuluu, tokhala ndi mzere wakuda kuyambira kumphuno mpaka kumchira. Kamodzi kanalowa m'kamwa mwenimweni n'kumatolatola pakati pa mano. Kena kanapita pa ming'alu yopumira. Shaki inapirira masekondi ochepa, mchira ukugwedezeka mofulumira kuti isagwe, kenaka inagwedeza mutu, tinsomba tinatuluka, iyo n'kutsetsereka kupita. Inazungulira n'kubweranso. Pambuyo pake panali ina ikudikira.

Tinsombati, Labroides dimidiatus, timadya tizilombo tomata pakhungu, khungu lakufa ndi zotsalira m'mano. Shaki imayenera kuchita khama kuti iime chomwecho, popeza kuima n'kovuta kwa iyo, ndipo kugwedeza mutu kuja ndi chenjezo loti pakamwa patsekedwa. Mwa zonse zomwe ndaona sabata ino, ichi ndicho ndingakonde kuonanso: mano onse aja ali poyera, kansomba kakuyendayenda pakati pake mosatekeseka.

Poti zinali pafupi, zinali zosavuta kusiyanitsa zazimuna ndi zazikazi. Yaimuna ili ndi tiziwalo tiwiri totalika kunsi kwa mimba, pakati pa zipsepse za kumbuyo. Zazikazi zingapo zinali ndi mabala m'nthiti ndi kumbuyo kwa mutu, ena ofiira, ena atapola n'kusiya zipsera zoyera zooneka bwino kuti ndi mano. Pokwerana, yaimuna imaluma yaikazi kuti igwirire. N'chifukwa chake khungu la yaikazi limakhala lochindikala kuposa la yaimuna, ndipo mabala a shaki amapola msanga modabwitsa. Bere limatenga pafupifupi chaka, ana amabadwa amoyo, kuyambira mmodzi mpaka asanu ndi mmodzi, ndipo yaikazi sibereka chaka chilichonse. Nambala zimenezi muzisunge, zibweranso.

Tsono pagulu lathu pali bambo wina wa kamera yaikulu, yamikono iwiri ya magetsi. Kuyambira Lolemba wakhala akudandaula kuti shaki zili kutali. Lero anasiya mwala n'kuyamba kusambira kulunjika pa shaki ina yomwe inali yokha pafupi ndi khoma. Khomalo linali kumbuyo kwa shaki, iye kutsogolo. Shaki inasintha pomwepo. Zipsepse za m'mbali, zomwe nthawi zonse zimakhala zotambasuka, zinaloza pansi. Msana unapindika, mphuno inakwera, ndipo inayamba kusambira mokokomeza, thupi lonse likupotokola uku ndi uku mowuma. Mayi aja anagogoda silinda yawo ndi kachitsulo, n'kumukoka bamboyo pa chopalasira cha kuphazi. Atangobwerera m'mbuyo n'kutsekula njira, shaki inawongoka n'kuchoka mwaliwiro.

Kavinidwe kameneka kanalembedwa bwino ndi Richard Johnson ndi Donald Nelson mu 1973, ataona shaki zotuwa ku Enewetak, ku zilumba za Marshall. Anapeza kuti kamachitika makamaka shaki ikayandikiridwa mwaliwiro ndiponso ikasowa kothawira, ndipo kakanyalanyazidwa kamatha ndi kuluma kamodzi kofulumira, shaki n'kuthawa. Si njala. Ndi nyama yomwe ikunena poyera, m'njira yokhayo yomwe ingathe, kuti wayandikira mopitirira.

Titatuluka, mayi aja sanakweze mawu. "Bambo, ija inakuuzani. Ine ndinangokuthandizani kumva. Mawa mukhala pambali panga." Bamboyo anafuna kufotokoza za magalasi a kamera yake, koma palibe anamuyankha. Ine maganizo anga ndi akuti malo ngati ano wotsogolera azikhala ndi mphamvu zomusiya munthu wotere pamtunda. Akalumidwa, nkhani imene imafalikira ndi ya shaki yolusa, osati ya munthu amene anaitsekera njira.

Lachisanu

Tinalowa m'madzi dzuwa litapendeka kwambiri, kuti mdima utipeze tili pansi. Tochi aliyense anali nayo, koma lamulo linali loti iloze pansi, pafupi ndi mawondo. "Mukaunika kansomba, mwakapha," anatero mayi aja. Kuwala kumakachititsa khungu kwa kamphindi, ndipo shaki zaphunzira kutsatira kuwalako.

Poyamba zonse zinali monga mwa masiku onse, gulu lili m'malo mwake. Kuwala kutayamba kuchepa, dongosolo linayamba kumasuka. Imodzi imatsika, ina kutsatira, mpaka m'mwamba munatsala mochepa. Shaki zomwe masana zimaoneka zaulesi zinali tsopano pansi penipeni, mimba zikukhudza korali, zikukhota mwadzidzidzi, liwiro litawirikiza. Nsomba zamasana zinali zitalowa kale m'mabowo. Pamwamba pa korali panali mbee, ndipo m'madzi munkamveka kuthetheka kwa tinkhanu tokhatokha.

Kenaka zinatulukira za nsonga zoyera zija. Usiku si nyama zomwe ndinaziona zitagona Lachitatu. Imodzi inalowetsa mutu m'bowo la korali, kupotokola thupi, kulowa mpaka theka, mchira ukukwapula madzi kunja. Thupi lake lowonda ndi khungu lake lolimba zinapangidwira zimenezi. Shaki yotuwa singalowe m'bowo, ndi yonenepa ndiponso yowuma. Ndiye imachita chiyani? Imadikira pamwamba. Zinayi kapena zisanu zinali kuzungulira pamwamba pa ya nsonga zoyera ija. Nsomba yofiira itatulukira bowo lina kuthawa, zotuwa zinaigwera nthawi imodzi. Panali kusokonekera kwa masekondi awiri, mchenga kuti fuu, mamba akunyezimira m'kuwala kwa tochi, basi. Yomwe inagwira inathawa nayo zinzake zili pambuyo. Ya nsonga zoyera, yomwe inagwira ntchito yonse, inatulutsa mutu n'kupita pa bowo lotsatira.

Zimenezi zinajambulidwa mwatsatanetsatane ndi gulu la Laurent Ballesta, Mfalansa wojambula za pansi pa nyanja, lomwe linayamba kubwera pampata pano mu 2014. Chaka chimenecho Ballesta anakhala pansi pa madzi maola 24 osatuluka. Zithunzi zawo za usiku zinaonetsa kuti shaki yotuwa ikakhala yokha imaphonya kawirikawiri, ndipo zimapindula zikakhala zambiri kapena zikatsatira za nsonga zoyera. Kunena kuti zimagwirizana n'kuzikometsera. Zomwe ndinaona ine ndi aliyense kufuna zake, kungoti kuchuluka kwawo kumatsekera nsomba njira zothawira.

Pakati pa chipwirikiticho ina inandigunda pa ntchafu ndi m'mbali mwa thupi lake, mwamphamvu ndithu, n'kupitirira osacheuka. Khungu lake ndi lokhakhala, ndinalimva kukwecha pa suti. Sinkafuna ine. Ndinali mwala wina woima panjira. Komabe usiku ndi nthawi yomwe mtima umagunda, ndipo manja ndinawapinda m'khwapa mpaka tinatuluka.

Funso lomwe linkandivuta kuyambira Lolemba linali lakuti: mpata waung'ono chonchi ungadyetse bwanji shaki mazanamazana? Mwachibadwa zodya zinzake zimakhala zochepa kuposa zodyedwa. Gulu la Mourier linawerengera n'kupeza kuti nsomba zokhala pampata pano sizingakwanire. Yankho lake ndi chakudya chobwera chokha. Mwezi ukakhala wathunthu mu June kapena July, nsomba za mtundu wa grouper, Epinephelus polyphekadion, pafupifupi 17,000 zimasonkhana pano kuchokera m'nyanja yonse ya mkati kudzaswana. Zimaikira mazira pa nthawi yomwe madzi akutuluka, kuti mazirawo atengedwe kupita kunja. Pa miyezi ina mitundu inanso ya nsomba imasonkhana chimodzimodzi. Shaki sizifunika kupita kutali kukasaka. Masana madzi amazinyamula, usiku chakudya chili mmunsi mwawo.

Loweruka

Lero palibe kulowa m'madzi. Ndege ndi ya mawa, ndipo thupi limafunika maola osachepera 18 kuti nayitrojeni ituluke munthu asanakwere m'mwamba. Ambiri amangodikira 24. Masuti ali pachingwe, boti lobwerera ku Rotoava linyamuka masana.

Pa chakudya cha m'mawa bambo wa kamera uja anatifunsa chifukwa chake kumalo ena komwe anasambirako sanaoneko shaki ngakhale imodzi, pomwe korali anali wabwinobwino. Yankho lake si la chilengedwe, ndi la malamulo. French Polynesia inaletsa kupha shaki m'madzi ake mu 2006, ndipo mu 2012 inawonjezera mtundu wa shaki wotchedwa mako womwe unali utatsala. Fakarava ilinso m'gulu la malo otetezedwa a UNESCO. Kwina zinthu sizili chonchi. Kafukufuku wa Global FinPrint, wofalitsidwa mu 2020, anatchera makamera pa matanthwe 371 m'maiko 58, ndipo pa matanthwe pafupifupi 20 peresenti sipanaoneke shaki n'imodzi yomwe. Chaka chomwecho bungwe la IUCN, loona za kuteteza zachilengedwe padziko lonse, linaika shaki yotuwa m'gulu la nyama zomwe zili pangozi yotha.

Apa ndi pomwe nambala za Lachinayi zija zimagwira ntchito. Nyama yobereka ana osapitirira asanu ndi mmodzi, patapita chaka cha bere, komanso yokhala malo amodzi chaka ndi chaka, sivuta kuimaliza. Chizolowezi chomwe chimatithandiza ife kuzipeza mosavuta, chosonkhana pomwe madzi amakwera, chingathandizenso boti limodzi la mbedza kusesa mpata wonse pa masabata ochepa. Ndipo kuteteza shaki zokha sikukwanira: grouper zija zitagwidwa pa nthawi yoswana, monga zinachitikira m'madera ambiri a Pacific ndi Caribbean, shaki za pano zikhoza kutsala ndi malamulo ozitchinjiriza koma zopanda chakudya.

Mayi aja afufuta kale bolodi n'kulembapo nthawi za sabata yamawa. Gulu latsopano lifika ndi boti lomwe litinyamule ife, ndipo madzi olowa a Lolemba ayamba 6 koloko isanakwane. Anandifunsa ngati ndidzabwerenso. Ndinati ndikufuna kudzaona za grouper. Anati malo a nyengo imeneyo amatha chaka chisanafike, ndiye ndilembetse ndikangofika ku Papeete.